Ola Limodzi la Bambo Elifala

Talandira anabwerera ku galimoto atatupa ndi mkwiyo, tabuleti ili kukhwapa, chitenje chonse chili chisoso chokhachokha. Ndi mayi wa ana atatu ameneyu, anaphunzitsapo kupulayimale zaka khumi, sakwiya wamba.

"Amayi Iness, khomo la nambala 14 akana."

"Akana bwanji? Munawafotokozera bwinobwino?"

"Mpaka malovu kuuma! Ndi bambo wachikulire. Andilandira, andipatsa mpando, andimvetsera ndikuwerenga mawu opempha chilolezo, n'kundiuza kuti ndadumpha mzere umodzi. Zoonadi ndinadumpha. Kenako akuti, pitani mukaitane akapitao anu, ine ndiyankha kwa iwowo."

Dzina sindinafunse. Ndinkalidziwa kuyambira tsiku limene mndandanda wa makomo unatuluka, ndipo khomo limenelo ndinamupatsa Talandira mwadala.

Ntchito yathu ndi ya kafukufuku. Timayenda m'makomo kufunsa anthu kuti tidziwe angati ali pa ntchito, angati akuifuna koma sakuipeza, ndi angati sakuifuna n'komwe. Sitilowa paliponse ayi. Timayamba talemba makomo onse a m'deralo, nambala ndi choko pachitseko, kenako kompyuta ya ku ofesi imasankhapo makumi awiri. Limene yasankha ndi lomwelo. Kaya pali galu woluma, kaya lili pamwamba pa phiri, sungalisinthanitse ndi la m'mbali mwa msewu. Ndipo munthu akakana kuyankha, wopita kukamunyengerera ndi kapitao wa gulu. Kapitaoyo ndinali ine.

Tangoganizani, pa makomo onse a kuseri kwa Chezi, kompyuta n'kukaloza la Bambo Elifala! Chinthu chimenechi chilibe manyazi. Bambo amenewa ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi, kuyambira kagwiridwe ka pensulo. Ndipo masabata atatu m'mbuyomo, anzathu awiri atasiya ntchito ife n'kulengeza kuti tikufuna ena, kalata yawo yofunsira ntchito inafika patebulo panga. Ndinaiwerenga kawiri, ndinaiika pansi penipeni pa mulu, ndipo sindinawaitane ngakhale ku mayeso. Tsopano oitana anali iwo.

Ndinawadziwa zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, nditangomaliza Fomu 4, ndikugulitsa zitumbuwa pa geti la chipatala ku Mtengowanthenga. Anagula ziwiri, n'kuona mmene ndinkalembera manambala pa katoni, basi anandiuza kuti Lolemba ndikapezeke ku Mponela ku maphunziro. Atatha maphunzirowo ananditenga pa gulu lawo lopita ku mapiri a Ntchisi. Tinalipo asanu, njinga zitatu. Mafomu tinkakulunga m'majumbo poopa mvula, tinkagona m'makalasi, ndipo m'mawa uliwonse Bambo Elifala ankakhala pakhonde ndi lezala, kusongola mapensulo a gulu lonse, n'kuwandandalika pabenchi. Fungo la mafomu atsopano ndimalimvabe mpaka lero. Tabuleti sinunkhira chilichonse.

Koma mapiri aja, abale inu! Umakwera nkhungu ili m'mapazi, ukafika pamwamba n'kuona khomo lako lili tsidya, pa phiri linanso. Anthu ankatiyesa a katemera, ena a makuponi, ena ankakabisa mbuzi kudambo poganiza kuti tabwera kudzalanda. Akatizolowera ankatisenzetsa nthochi ndi mapeyala mpaka chikwama cha mafomu kusowa pochigwira. Tsiku lina njinga ya Bambo Elifala inaduka mabuleki potsetsereka, iwo n'kukathera m'munda wa nyemba, mafomu atawakweza m'mwamba kuti asade. Tinaseka sabata yathunthu, iwonso ankaseka nafe. Ndinali wosauka nthawi imeneyo, miyendo ili zipsera zokhazokha, koma sindinasangalaleponso chomwecho.

Kuseka kunkathera pa fomu. Cha ku Nthondo ndinapeza bambo wina wokalamba, wosaona, atakhala padzuwa manja ali pamaondo. Kunali kutatentha, ine njala. Nditafika pa funso la ntchito ndinangowayang'ana, n'kulemba ndekha kuti sagwira. Madzulo Bambo Elifala akuona mafomu anaima pomwepo.

"Iness, madala awa unawafunsa?"

"Saona, bambo. Zimachita kuonekeratu."

"Sindikunena zimene zimaoneka. Unawafunsa?"

M'mawa mwake anandikweza phiri lija kachiwiri, iwo ali pambuyo. Ndinakwera ndikutukwana chamumtima, sindibisa. Titafika ndinafunsa funsolo monga linalembedwera. Madala aja anaseka, n'kutiuza kuti titsegule kanyumba ka kuseri. Munali madengu ndi malichero mpaka kudenga! Ankaluka okha ndi manja omwe aja, n'kumatumiza ku msika wa pa boma.

Potsika, Bambo Elifala anathyola nzimbe imene tinapatsidwa, n'kundipatsa ine kumunsi kotsekemera. "Safunsa anadya phula," anatero. "Ntchito yathu yonse ndi imeneyi, Iness. Usamuyankhire munthu. Ali ndi pakamwa pake." Mawu amenewa ndamuuza aliyense amene ndamuphunzitsa, Talandira yemwe. Ena amayesa ndi anga.

Matabuleti atabwera iwo anali atapuma kale pa ntchito, ndipo maganyu a kafukufuku amene ankawaitanira anayamba kuwadutsa. Chaka chatha ndinawaona pa maliro ku Mvera, akuyimba buku la nyimbo litagunda mphuno. Ndiye kalata ija itafika, ndinawaona m'maganizo atakhala m'holo ya mayeso pakati pa achinyamata obadwa ndi foni m'manja, iwo akusakasaka podina, enawo akutsinana. Ndinati ayi, bambo anga amenewa asachite manyazi otere. Ndinadziuza kuti ndi chifundo. Tulo tabwino ndinagona masiku awiri okha.

Nditakhala m'galimoto muja, njira yothawira ndinkaiona. Pa tabuleti pali malo olemba kuti akana. Ndikanadina pamenepo ku ofesi sakanafunsa, makomo okana sasowa. Ndinaikapo chala, ndinachichotsa. Talandira ankandiyang'ana uku akuzula chisoso chimodzichimodzi.

"Mukuwadziwa, eti?"

"Inu pitani ku nambala 15, dzuwa likupita ili," ndinamukalipira, ngati wolakwa ndi iye.

Ndinatsika ndekha kanjira kodutsa m'madimba a tomato, kuwoloka kamtsinje pa miyala, n'kukwera mtunda wina. Maondo anga si a ku Ntchisi aja. Ndinapuma kawiri, ndipo kachiwiriko sikunali kutopa.

Ndinawapeza atakonzeka kale. Jekete yabulawuni yomwe ija, wotchi padzanja, mipando iwiri pansi pa mtengo wa peyala, yoyang'anizana monga ankatiphunzitsira kuti wofunsidwa asamaone zimene ukulemba. Nambala 14 ya pachitseko anali ataibwereza ndi choko chawo, ati 4 wa amene analemba ankaoneka ngati 9. Akazi awo, Mayi Margareta, ankaswa mtedza pamkeka chapatali pang'ono. Ndinagwada kuwapatsa moni onse awiri.

"Takulandirani, akapitao," anatero Bambo Elifala.

"Bambo, ndine Iness."

"Ndikudziwa. Lero ndinu akapitao. Khalani apa, yambani."

Chiyambire anali asananditchulepo choncho. Bola akanandiwomba mbama.

Ndinawerenga chilolezo chonse osadumpha kanthu. Tinalemba a pakhomo, iwo a zaka 68 ndi Mayi Margareta, basi, ana onse ali ku mabanja awo. Kenako tinafika pa mafunso enieni.

"M'sabata yapitayi, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, kodi munagwirako ntchito iliyonse yolipidwa, ngakhale ola limodzi lokha?"

"Ayi."

"Munachitako geni, yanu kapena ya pabanja pano?"

"Ayi."

"Nanga kumunda?"

"Funsani monga lalembedwera, akapitao."

Ndinafunsa monga lalembedwera. Anati anakolola chimanga masiku atatu, chodya pakhomo, chosagulitsa. Ndinawauza kuti masiku ano ulimi wa chakudya cha pakhomo timaulemba padera, sumuika munthu m'gulu la apantchito.

"Ndinamva," anatero. "M'nthawi yathu aliyense wogwira khasu anali pa ntchito, ndiye dziko lonse linkaoneka lotanganidwa. Pitirizani."

Kumene tinkalowera ndinkakudziwa, iwonso ankakudziwa. Munthu akayankha ayi, ayi, ayi, mafunso amamutsetsereka mpaka pa funso limodzi: m'masabata anayi apitawa, munachitapo chiyani pofunafuna ntchito? Akati anafunafuna, ndipo ikapezeka akhoza kuyamba, ameneyo ndiye timamulemba kuti ndi wosowa ntchito. Ichi ndicho anamubwezera Talandira. Ankafuna funso limenelo lituluke pakamwa panga, iwo ayankhe kuti analemba kalata, ine ndilembe zimenezo ndi chala changa. Panatsala mafunso awiri.

Ndi pamene Mayi Margareta, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Nanga fodya wa a Andreya uja, abambo?"



Ndinene zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chimwemwe chonyansa. Ndinaona potulukira. Koma kuthamangirapo kunandichititsanso manyazi, ndiye ndinangokhala chala chili m'mwamba ngati sindinamve. Bambo Elifala anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Akanatha kunena kuti zimenezo ndi za mwezi watha, akanawatsutsa ndani? Ine ndiye ayi.

"Mwamva, akapitao," anatero. "Funsitsani. Mukudikira chiyani?"

"Linali tsiku liti?"

"Lachinayi. Lili m'kati mwa sabata yanu."

"Munkachita chiyani?"

"Kusankha fodya m'chigafa cha a Andreya, oyandikana nafe awa. Ankathamangira galimoto yopita ku okushoni."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

Anayang'ana wotchi ngati Lachinayilo likadali momwemo. "Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri."

"Anakulipirani?"

"Ndowa ya mbatata."

Apa sindikudziwa chinandilowa. Munthu amene ndinkafuna kuthawa funso lija, ndinayamba kuwafunira njira yobwererako. "Bambo, mwina kunali kungothandizana pachinansi. Mbatatayo mwina inali yongothokoza."

"Tinapangana ndisanakhale pansi. Malipiro ndi malipiro, kaya ndi mbatata. Zimenezo ndinakuphunzitsani ndine?"

"Akanatha tsiku lonse," anatero Mayi Margareta, "koma anawabweza. Ati ankasakaniza masamba, ofiira ndi achikasu mulu umodzi."

"Zimenezo sanafunse, amayi."

Ndinadina inde, tsamba n'kusintha. Kale pa fomu pankakhala kamuvi kokuuza kuti pita ku funso lakutilakuti, ndipo unkachita kutembenuza mapepala wekha, kuona ndi maso mafunso amene ukuwasiya. Tabuleti imangodumpha mwakachetechete. Inafuna kudziwa mtundu wa ntchito, maola, ndi ngati akanakonda kugwira maola ambiri. Anati inde, akanakonda. Za kufunafuna ntchito sinafunse.

"Yadumpha?" anandifunsa.

"Yadumpha, bambo."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. "Mwamva, amayi? Amuna anu ali pa ntchito! Ndipo sindili ndekha. Khomo limodzi losankhidwa limaimira makomo mazanamazana. Pokafika ku ofesi tikhala tili chigulu, madala okhaokha osankha fodya ola limodzi."

"Ndiye ndalakwa kunena?" anafunsa Mayi Margareta.

"Simunalakwe. Wolakwa ndine, ndinayankha ayi ndikudziwa." Anandiyang'ana ine. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira anthu pa bodza limeneli. Lero ndamva mmene limakomera."

Ndinawafunsa Mayi Margareta mafunso awo, sanachedwe. Ndinatseka fomu. Ndinali mfulu tsopano. Khomo la nambala 14 layankha, zolembedwa zonse n'zoona, palibe akanandiloza chala. Funso limene ndinkaliopa masabata atatu linali litachotsedwa ndi lamulo lomwe anandiphunzitsa iwowo. Ndikanangothokoza, n'kutsazika, n'kumapita.

Mayi Margareta analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mbale ya mbatata yophika. "Idyani malipiro a abambo, musanyamuke chimanjamanja." Tinasamba m'manja, tinayamba kudya. Inali yofumbutuka bwino. Bambo Elifala ankadya pang'onopang'ono, akuyang'ana ku mapiri kumene sankakuona. Sanali okwiyanso. Anali ngati munthu amene wadikira basi tsiku lonse n'kuuzidwa kuti inadutsa njira ina.

Ndinaigoneka tabuleti chafufumimba pamiyendo.

"Bambo, ndili ndi funso lina. Si la pa tabuleti."

"Funsani."

"M'masabata anayi apitawa, munachitapo chiyani pofunafuna ntchito?"

Anaika mbatata m'mbale, anapukuta manja ndi kampango, anakhala tsonga. "Ndinalemba kalata. Ndinakwera minibasi pa Chezi kukaisiya ndekha ku ofesi kwanu."

"Ntchitoyo ikanapezeka, mukanayamba?"

"Tsiku lomwelo. Chikwama chili chopachika kuseri kwa chitseko."

"Kalatayo inafika kwa ine, bambo. Ndinaichotsa ndine. Palibe anandituma."

"Ndikudziwa. Mndandanda wa oitanidwa wina anandiwerengera, wosayina pansi pake unali iwe."

"Ndinaopa kuti akakusekani. Maso anuwo, bambo. Ndinakuonani ku Mvera kuja."

"Unandifunsa?"

Funso lomwe lija la ku Nthondo, mawu ake omwewo. Ndinalira. Mayi wamkulu ine, kapitao wa gulu, ndinalira mbatata ili m'kamwa, mamina ali chuchuchu. Mayi Margareta anangoti, "Aa, mwanawe," n'kupitiriza mtedza wawo.

Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenako anatambasula dzanja. "Tabweretsa kuno chinthu chakocho."

Ndinatsegula tsamba loyeserera, limene timaphunzitsira atsopano, n'kuwapatsa. Anailandira tabuleti ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi. Anaiika patali, anaibweretsa pafupi. Anasuntha mpando kulowa mumthunzi weniweni. Anavula magalasi, anawapukuta ndi jekete, anavalanso. Ndinawakuzira zilembo mpaka pothera. Chala chawo chinayendayenda pamwamba, chala chomwe chija chinkatola cholakwa chimodzi m'mulu wa mafomu makumi asanu, n'kukadina pambali, tsamba n'kuthawa. Ndinalibwezeretsa. Anayesanso, linathawanso. Mayi Margareta anali atasiya kuswa mtedza. Pakamwa panga pankayabwa kuti ndiwauze podina, koma ndinaluma mlomo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, wotchi anali nayo ndi iwo.

Pomaliza anandibwezera, ndi manja awiri omwewo.

"Sindikuonapo kanthu, Iness. Ndi madzi okhaokha."

"Pepani, bambo."

"Unaganiza bwino. Ndikanalephera." Anakonza kolala ya jekete. "Koma ukanandisiya ndikalephere ndekha."

Sanadikire yankho. Anauza akazi awo kuti atsitse chikwama chija kuseri kwa chitseko. Anapisamo dzanja, n'kutulutsa mapensulo asanu omanga ndi mphira, onse osongola kale ndi lezala.

"Ndinkati gulu lako ndi la anthu asanu ngati kale," anatero. "Tenga. Chikwamachi amayi aziikamo mbewu ya mtedza."

Anandiperekeza mpaka pa kamtsinje, akundiuza miyala yoti ndipondepo, chifukwa mapazi awo ankaidziwa. Ndinawoloka. Nditacheuka anali atayamba kale kukwera, dzanja limodzi lili kumbuyo, mmene ankakwerera ku Ntchisi.

Talandira anandipeza m'galimoto mapensulo ali m'manja. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine m'maso, sanafunse kanthu, ndipo tsiku limenelo ndinamukhululukira kusafunsako. Tisananyamuke pa Chezi ndinaima pamene pamagwira netiweki n'kutumiza mafomu a tsikulo ku ofesi. Khomo la nambala 14 linapita monga linayankhira: mwamuna, zaka 68, ali pa ntchito.